Miyezi inayi ndikugwira, kalata ya ntchito palibe, akuti ndidakali pa pulobeshoni

MwanaWaChinamwali
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa tulo ndipo kunyumba sindingafunse chifukwa amayi amangoti thokoza Mulungu wapeza pogwira anzako ali pakhomo. Ndinalemba Fomu 4 chaka chatha, ndakhala ndikuthandiza achemwali kugulitsa mandasi pa Chinamwali, nde mu Julayi ndinapeza ntchito pa shopu ina mtauni muno mu Zomba yogulitsa zomangira, simenti malata misomali penti zimenezo, ine ndimakhala pa kauntala kulemba malisiti. Tsiku loyamba abwana anati miyezi itatu ndi pulobeshoni, nthawi yoyesedwa pantchito, uzilandira K70,000, ikatha tikulembera kalata ndi kukuwonjezera. Pano ndi Novembala, kalata kulibe ndalama ndi yomweyo, ndikafunsa amangoti udakali pa pulobeshoni usathamange. Timalowa 7 koloko m'mawa kuweruka 6 madzulo Lolemba mpaka Loweruka, Lamulungu lina lole ya simenti ikabwera amatiitana. Pa 15 Okotobala tsiku la anakubala tinagwira tsiku lonse osapatsidwa olo fanta. Mwezi watha anandidula K8,000, akuti K6,000 ndi shoti ya m'kabati ya ndalama ndipo K2,000 ndi chindapusa poti ndinachedwa masiku awiri, chonsecho kabatiyo timatsegula anthu atatu. Chinanso satifiketi yanga ya MSCE, yeniyeniyo osati fotokope, ili mu diloo mwawo. Nde ndikufunsa, ntchito imakhala chonchi kulikonse kapena akundidyera masuku pamutu? Ndi ntchito yanga yoyamba sindikudziwa poyambira.

KabazaWaMatawale
70 sauzande mwezi wonse? Asisi, nanga thiransipoti ya Chinamwali mtauni tsiku ndi tsiku imatsala ingati pamenepo?

MwanaWaChinamwali
Ndimayenda wapansi achimwene kupita ndi kubwera. Masiku awiri ndinachedwa aja inali mvula.

MatembaAChilwa
kkkkk pulobeshoni yanuyo ndi ya mphira, akamakoka imangotalika

KalalikiWopuma
Mwanangu, ine ndisanapume ndinagwira zaka zambiri mu ofesi yosunga mafayilo a antchito pa kampani ina, nde zimene wanenazi ndaziona ndili mbali ya mabwana. Ukhululuke nditalikitsa.

Lamulo lalikulu pa nkhani zimenezi ndi Employment Act ya chaka cha 2000, inakonzedwaponso mu 2010 ndi 2021. Poyamba uchotse m'mutu zoti popeza ulibe kalata ndiye kuti sunalembedwe ntchito. Munagwirizana pakamwa, ukulowa m'mawa uliwonse, akukulipira pakutha pa mwezi, umenewo ndi mgwirizano wa ntchito kale. Amene ali ndi ngongole ya kalata ndi iwo osati iwe. Gawo 27 limati bwana wokhala ndi antchito asanu kapena kuposa apo apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi chiyambireni, cholemba tsiku lomwe unayamba, malipiro ako, maola, tchuthi ndi notisi. Undiuze mulipo angati pashopupo.

Pulobeshoni ilimodi m'lamulo, gawo 26, ndipo singapitirire miyezi 12. Kuwawa kwake nkwakuti pa nthawi imeneyo iweyo kapena iwo atha kuthetsa ntchito popanda notisi, nchifukwa chake mabwana ena amakonda kuikoka kuti munthu azigwira ndi mantha. Koma inu munapangana miyezi itatu, itatuyo inatha, ndipo sunanene kuti munakhalanso pansi nkugwirizana zoonjezera. Komanso pulobeshoni si chilolezo cholipira munthu mochepera pa mlingo womwe boma linakhazikitsa. Mlingo umenewo unali K50,000 mu 2021, unafika K90,000 mu Febuluwale 2024, ndipo mu Juni 2025 unakwera kufika K126,000 pamwezi. Amaugawa m'magulu, monga antchito a m'nyumba ali ndi wawo wocheperapo, nde ku Leba, ofesi ya boma yoona za ntchito, akakuuza gulu lomwe shopu yanu ikugwera. Koma K70,000 kwa munthu wa pa kauntala wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ayi mwanangu, ili pansi.

MwanaWaChinamwali
Zikomo kwambiri agogo. Tilipo 7, atatu pa kauntala, awiri onyamula katundu, dalaivala ndi mlonda. Palibe olo mmodzi ali ndi kalata, a dalaivala atha zaka zinayi.

KalalikiWopuma
Nde gawo 27 likuwakhudza, alibe pothawira.

WakuChirungaChakaChachitatu
Ndionjezepo za maola poti adadawo sanafikepo. Malire ndi maola 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi ndi maola 8 patsiku, zoposa apo ndi ovataimu. Asisi mukulowa 7 kutuluka 6, amenewo ndi maola 11, tichotsepo limodzi la nkhomaliro ngati amakupatsani atsala 10, kuchulukitsa ndi masiku 6 ndi 60. Nde sabata iliyonse mukupereka maola 12 aulere. Gawo 39 limagawa ovataimu patatu, ya tsiku wamba la ntchito amalipira ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lanu lopuma ngati Lamulungu la simentilo ndi kawiri, ya tsiku la tchuthi cha boma ngati 15 Okotobala ndi kawirinso. Tiyeni tiyerekeze ndi K126,000. Kugawa ndi masiku 26 ndi K4,846 patsiku, kugawa ndi 8 ndi cha m'ma K606 pa ola, ola la ovataimu wamba likhala cha m'ma K909. Maola 12 ndi pafupifupi K10,900 pa sabata. Werengani nokha masabata kuyambira Julayi. Ndiponso munthu sayenera kugwira masiku opitirira 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu.

MatembaAChilwa
eish nde ovataimu yokha ya mwezi ikupitirira theka la salale yomwe akulandirayo

AnkoloAKuJali
Inu a Kalaliki ndi iwe wa ku Chirunga mukunena zoona koma ndi zoona za m'buku. Mwanayu akapita mawa kwa abwana ndi magawo anuwo amuuza kuti chitseko ndi icho, pofika masana pakhala atsikana khumi atanyamula maenvulopu a kaki pakhonde la shopu. A madigiri omwe akungoyendayenda ndi mapepala mtauni muno, nanga wa Fomu 4 ndani. Ine ndikuti mwanawe gwira kaye, uphunzire ntchito, udziwane ndi makontirakita obwera kudzagula simentiwo, chaka chikatha uzifunsira kwina uli pantchito. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ufulu sadyera nsima.

NyenyeziYaKalimbuka
Ankolo kudekha kumeneko ine ndinadekha zaka ziwiri pa loji ina ndikuyala mabedi ndi kuchapa mashiti pamanja makina akafa, tchuthi osapitako olo tsiku limodzi, tsiku lina m'mawa ndikufika ndinangouzidwa kuti bizinesi sikuyenda usabwerenso, anandipatsa ya masiku omwe ndinagwira mwezi umenewo basi. Chinandipulumutsa ndi kope. Mayi ena omwe tinkagwira nawo anandiuza nditangoyamba kuti gula kope la masamba 40 uzilemba tsiku, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ndalama yomwe walandira ndi yomwe akudula, ine ndinkaona ngati zopusa koma ndinkalemba ndithu ndikafika kunyumba, masamba ena anachita kuda ndi mafuta a nyali. Salale ankatitumizira pa Airtel Money nde mamesejiwo sindinafufute ngakhale foni inkadandaula kuti yadzaza. Nditapita ku Leba anandifunsa umboni woti ndinkagwira kumeneko poti kalata ndinalibe, ndinatulutsa kope ndi foni. Anawalembera kalata abwana aja yowaitana, tsiku loyamba sanabwere, lachiwiri anabwera atakwiya ndipo anayamba nkunena kuti ndinali waganyu wobwera mwa apo ndi apo, koma waganyu wake uti wolandira ndalama yofanana pa 30 mwezi uliwonse miyezi 24? Mapeto ake anandilipira mwezi wa notisi, masiku a tchuthi omwe sindinapite ndi ya severance, ndalama ya zaka zomwe ndinagwira, anapereka kawiri koma anamaliza. Nde asisi sindikuti mawa mukamenyane ndi abwana, ndikuti lero lomwe gulani kope.

AnkoloAKuJali
Za kopezo ndavomera. Koma taona iwe unapita ku Leba ntchito itatha kale, unalibe chotaya. Mnzakoyu adakali mkati.

NyenyeziYaKalimbuka
Zoona ankolo, pamenepo sinditsutsa.

KalalikiWopuma
A Ankolo sakunama, ndipo ine sindingauze mwana wa mnzanga kuti akagwedeze chisa cha mavu alibe pothawira. Koma pali kusiyana pakati pa kukhala chete ukudziwa chomwe akukubera ndi kukhala chete usakudziwa. Wodziwa amasunga umboni ndipo amadziwa nthawi. Mwachitsanzo ukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, gawo 62 limati ukadandaule kwa District Labour Officer, mkulu wa ku Leba wa m'boma lanu, pasanathe miyezi itatu. Ambiri amathera miyezi imeneyo kunyumba akudikira foni ya abwana omwe anati tikuitana zinthu zikakhala bwino. Zikakanika ku Leba nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la za ntchito, ndipo kumeneko munthu utha kudziyankhulira wekha popanda loya. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, nkhani ikafika poti wachotsedwa, ndi bwana amene ayenera kupereka chifukwa chomveka, osati iwe kutsimikiza kuti unalibe mlandu. Ndipo kukadandaula ku Leba pakokha si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, zili m'gawo 57 pamodzi ndi kudwala kwa kanthawi, kulowa bungwe la antchito, mtundu, chipembedzo ndi zina.

Za Nyenyezi ndifotokozeko poti ena asokoneza. Wolandira pamwezi notisi yake ndi mwezi umodzi, akafuna uchoke lero lomwe akulipire mweziwo. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5, ndi malipiro onse. Severance siyobwera nthawi zonse ayi, chisinthireni lamulo mu 2010 imaperekedwa ntchito ikatha chifukwa chochepetsa antchito, mavuto a zachuma a kampani kapena kuchotsedwa mopanda chilungamo, ndipo uyenera kuti unakwanitsa chaka. Zaka zisanu zoyambirira ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Ukasiya wekha chifukwa wapeza kwina usamayembekezere severance. Ndalama zako zonse zotsala azipereke pasanathe masiku 7 ntchito itatha, komanso ukapempha akupatse kalata yosonyeza kuti unagwira kwa iwo kuyambira liti mpaka liti.

MwiniGolosaleSongani
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndiyankhulepo poti pano mabwana tasanduka mfiti. Ine ndili ndi kagolosale, antchito awiri. Mukudziwa phindu la pa bale la shuga inu? Lendi, magetsi akazima zamufiriji zonse kutaya, msonkho wa khonsolo, nde wina akubwera ndi K126,000 kuchulukitsa kawiri, ndingotseka basi onse awiriwo akakhale kunyumba. Ndipo za ufulu mumazinena mbali imodzi. Mnyamata wanga wina analandira salale Lachisanu, Loweruka osabwera, foni yozima, ndinadzamva kuti ali ku Joni. Notisi yake inali kuti? Wina ankatulutsa mafuta ophikira pawindo la kuseri kupatsira mnzake. Shoti ikapezeka ndidule kwa ndani, kwa agogo anga?

MatembaAChilwa
bwana afika kkkk tikhale bwino

KabazaWaMatawale
Akulu ngati bizinesi singathe kulipira anthu awiri lembani mmodzi, winayo mukhale inuyo pa kauntala. Ine njinga ikafuna matayala sindiuza kasitomala kuti akankhe.

MwiniGolosaleSongani
Kuyankhula nkosavuta uli pa chishalo.

KalalikiWopuma
A Golosale musakwiye, mfundo yanu ya notisi ndi yoona, imagwira mbali zonse ziwiri. Wantchito wolandira pamwezi akafuna kusiya apereke mwezi, ndipo ana oyamba ntchito amve zimenezi, kuthawa usiku kumakuonongera dzina mtauni yaing'ono ngati Zomba momwe eni mashopu onse amadziwana. Wakuba naye lamulo silimuikira kumbuyo, gawo 59 limalola kuchotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi pa mlandu waukulu. Chomwe likufuna nchakuti mumuuze mlandu wake ndipo mumpatse mpata ayankhepo musanagamule. Mabwana ambiri omwe ndinawaona akuluza milandu chifukwa anali nacho ndithu, koma anathamangitsa munthu ndi ukali pakhomo osamumva.

Pa kudula ndalama, gawo 56 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Nde K2,000 ya kuchedwa ija siyololedwa. Chomwe angachite ndi kukuchenjeza, kapena osakulipira nthawi yomwe sunagwire popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka, koma kuchedwa mphindi 30 sikungafike K1,000 pa salale ya K70,000. Katundu amene wantchito waononga amaloledwa kudula kuti abwezeretse, koma kabati yotsegula anthu atatu adziwa bwanji kuti ndi mwanayu? Inu a Golosale njira yake ndi yomwe tinkachita ife, kabati munthu mmodzi, kuwerengera limodzi m'mawa ndi madzulo, onse awiri kusayina m'buku.

MwiniGolosaleSongani
Za kusayina m'buku ndatengapo. Za 126 tidzakambirana tsiku lina.

FundiWaMpondabwino
Pepani ndilowetsepo zina, asisi a pa shopu simenti mukugulitsa bwanji panopa? Ndili ndi ntchito ya maziko ku Sadzi mwini wake akundikakamiza kuti tithire mvula isanakhazikike

MatembaAChilwa
mwana akulira inu mukufunsa mtengo wa simenti kkkkk Amalawi

FundiWaMpondabwino
Nanga si ali pa kauntala pomwepo aise. Komanso ku Sadzi kuja ukachedwa matope ake lole sikwera, chaka chatha mchenga tinachita kusenza pamutu kuchokera kumsewu.

KabazaWaMatawale
Sadzi nthawi ya mvula olo mutandipatsa double sindipita. Likangala akadzaza ndimagwira za mtauni zokha basi.

AnkoloAKuJali
Inu mukudandaula Sadzi, munabwerapo kwathu kuno Januwale?

AdminiWaGulu
Abale za misewu ndi simenti tsegulani nkhani yake payokha. Tibwerere kwa mwanayu, funso la satifiketi palibe wayankha.

NyenyeziYaKalimbuka
Satifiketi katengeni asisi, imeneyo nde musachedwe nayo. Bwana amaona yeniyeni nkusunga fotokope basi. Akaisunga amadziwa kuti simungafunsire kwina komanso tsiku lokangana idzakhala chikole. Musakapite ndi nkhondo, mukangoti pali maphunziro ena ndikufuna kufunsira akufuna ndikaonetse satifiketi, mukaitenga musabwezenso mubweretse fotokope.

WakuChirungaChakaChachitatu
Ndipo akakana mukanene ku Leba pamodzi ndi zinazo, ndi katundu wanu ameneyo.

MlondaWaUsiku
Ine ndifunse nawo poti nkhani ndi imodzi. Ndimalondera pa malo ena 6 madzulo mpaka 6 m'mawa masiku onse 7, wondisinthana naye kulibe, ndikadwala ndimatumiza mng'ono wanga kuti asandidule. Mwezi wa Juni akuba anandigenda mwala pa bondo ndinakadzilipirira ndekha mankhwala. Malamulo mukunenawa alonda amatikhudza kapena ndi a anthu a mu ofesi?

KalalikiWopuma
Amakukhudzani achimwene. Kawerengedwe ka ovataimu ya alonda kali ndi ndime yakeyake nde masamu a mnyamata wa ku Chirunga aja musawatenge momwemo, koma tsiku lopuma pa sabata ndi lanu ngati wina aliyense, tchuthi cha pachaka chimodzimodzi. Mukakwanitsa miyezi 12 pantchito muli ndi masabata anayi a tchuthi chodwala pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale chikalata cha kuchipatala. Kutumiza mng'ono wanu kuja siyani, tsiku lina kudzasowa katundu iye ali pamenepo mlandu udzakhala wa nonse awiri. Za bondo, kuvulala uli pantchito kuli ndi lamulo lake la Workers' Compensation Act, bwana amayenera kukanena za ngoziyo ndipo chipukuta misozi chimayendera ku Leba komweko. Buku lanu la kuchipatala la tsiku limenelo lisungeni bwino, ndipo musazengereze kupita.

MayiWaAwiriKuSadzi
Poti ndi mtsikana ndimuuziretu zomwe ife sitinauzidwe. Ine mimba yanga yoyamba ndinkaimanga ndi chitenje mkati mwa yunifomu mpaka miyezi isanu ndi umodzi kuopa kuchotsedwa, ndinkaimirira tsiku lonse miyendo itatupa ngati mitondo, kusikelo ndinkanama kuti ndikupita kumaliro. Ndinadzadziwa mochedwa kuti mayi ali ndi masabata 8 a tchuthi cha uchembere pa malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ntchito yake imamudikira, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. Wachiwiriyu ndinapita nditanyamula mutu, ndinalemba kalata mwezi usanafike nkusunga kope yake. China asisi, bwana kapena supavaiza akayamba zoti tikumane ukaweruka ndikukonzere za kalata yako ija, dziwani kuti Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyo ndi mlandu, chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Mamesejiwo osafufuta. Sindikuti abwana anu ali choncho koma kalata yochedwa dala nthawi zina imakhala nyambo.

MwanaWaChinamwali
Ayi mayi zimenezo sizinachitike, abwana ake ndi achikulire amangokonda ndalama basi. Koma ndamva.

KabazaWaMatawale
Nanga abambo mkazi akachira ife tilibe kanthu?

WakuChirungaChakaChachitatu
Chilipo kuyambira 2021, masabata awiri pa malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu. Koma inu achimwene bwana wanu ndi inu nomwe nde mudzilembere nokha kalata kkk

MatembaAChilwa
masabata awiri amenewo ena akathera pa bawo mwana akulira m'nyumba

MphunzitsiWaPulaiveti
Ine langa ndi la penshoni. Pa sukulu yomwe ndikuphunzitsa amatidula 5 peresenti mwezi uliwonse akuti ya penshoni, chaka chachiwiri tsopano, koma peyisilipu sitinaionepo ndipo sindikudziwa kuti ndalamayo ikupita ku kampani iti. Tikafunsa akuti zili m'manja mwa akauntanti.

KalalikiWopuma
Aphunzitsi apo pakununkha. Peyisilipu ndi lamulo, malipiro aliwonse azibwera ndi pepala losonyeza ndalama yonse, zomwe adula ndi chifukwa chake, ndi yotsala. Pa penshoni wantchito amaika 5 peresenti, bwana amaonjezera 10 peresenti kuchokera m'thumba mwake, zonse zimapita ku kampani yosunga penshoni m'dzina lanu ndipo mumayenera kukhala ndi nambala yanu ya umembala. Funsani dzina la kampaniyo ndi nambalayo, mukapemphe sitetimenti nokha. Mukapeza kuti mulibemo kanthu, oyang'anira za penshoni ndi a Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Ndipo musapite nokha, mukhale aphunzitsi anayi asanu, munthu mmodzi amathyoka msanga. Ndi chifukwa chake kuli mabungwe a antchito ndi MCTU, mgwirizano wa mabungwe amenewa, ndipo ufulu wolowa bungwe uli mu gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino.

AnkoloAKuJali
Apa nde ndigwirizane nanu a Kalaliki. Mwana wa Chinamwali, ngati ukufunsa kalata usafunse wekha, a dalaivala a zaka zinayi aja atsogole ndi iwo, bwana sangachotse dalaivala wodziwa makasitomala onse chifukwa cha pepala.

MwanaWaChinamwali
Ndabweranso abale patha masiku asanu. Kope ndinagula tsiku lomwelo, ndalemba kubwerera m'mbuyo zomwe ndikukumbukira, ma Lamulungu a simenti ndawapeza anayi poona madeti a m'buku la malisiti poti ndimalemba ndine. Satifiketi ndatenga, ndinachita monga ananenera a Nyenyezi, anandiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti ukufuna kutithawa eti, ine ndinati ayi bwana ndi za sukulu, anatsegula diloo nkundipatsa ili ndi dontho la tiyi pakona koma ili bwino. Za kalata ndinayankhula ndi a dalaivala, poyamba anati mwana iwe usandiyambitsire, koma nditawaonetsa masamu a ovataimu aja anakhala chete kenako anati tikalowe limodzi Loweruka poweruka. Tinalowa anthu anayi, onyamula katundu mmodzi anathawa akuti akukagula mayunitsi. Ankayankhula ndi a dalaivala mwaulemu ndithu, ine ndinangonena za K2,000 ija. Abwana anati ndani akukuphunzitsani zimenezi, kenako anati makalata alemba kutha kwa mwezi, K2,000 andibwezera, kabati azigwira munthu mmodzi patsiku. Za kukweza salale anati tiona Januwale, za ovataimu sanayankhe anangoyamba kuyang'ana foni. K6,000 ya shoti akuti imeneyo yapita.

NyenyeziYaKalimbuka
Lembani m'kopemo tsiku lomwe munalowa, omwe analipo ndi zomwe analonjeza. Kalatayo ikabwera musasayine pomwepo, pemphani mukawerenge kunyumba, muonetsetse kuti tsiku loyamba ntchito alemba la mu Julayi osati Disembala, ndipo pasapezekenso mawu oti pulobeshoni.

KalalikiWopuma
Tsiku loyambalo ndi lofunika kwambiri, tchuthi, tchuthi chodwala ndi severance zonse zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Ndipo salale akalemba K70,000 papepala udzabwere nayo kuno tisanapite patali, chifukwa kusayina kwako sikuchititsa ndalama yochepera pa mlingo wa boma kukhala yovomerezeka.

AnkoloAKuJali
Januwale wake tidzamuone. Wothawa kukagula mayunitsi uja kalata akalandira nawo?

MwanaWaChinamwali
kkkk Lolemba anali woyamba kufunsa kuti zinayenda bwanji. A Fundi simenti ibwera Lachinayi, mtengo ndikuuzani ku inbox, koma mubwere pakati pa sabata osati Lamulungu chonde.